Kodi Chikudya Mano a Kagiyaka N'chiyani?

Pali zinthu zimene aliyense amaoneka kuti amazidziwa kupatula ine, ndipo ndikukayika ngati inunso anakuuzanipo. Taimani m'mbali mwa msewu wa M1 pa Biriwiri muone mapikapu akale akudutsa. Matumba a mbatatesi mpaka m'mwamba, pamwamba pa matumba pali kabichi, pamwamba pa kabichi pali eni ake a kabichiyo. Galimoto zina mwa izi n'zakale kuposa anyamata amene akuziyendetsa, koma zitunda za ku Tsangano zikukwerabe. Ndiye kuti zitsulo za m'katimo n'zolimba, si choncho? Nanga zimatheka bwanji kuti chitsulo chimene chinabwera ndi galimoto chikhale zaka 30 osadandaula, koma cholowa m'malo mwake, chatsopano, chochokera m'katoni, chithe chaka chisanathe?

Ndikunena za kagiya kamene kamakhala kunsi kwa distributor. Ngati simunakaonepo musachite manyazi, kamabisala m'mimba mwa injini ndipo kamakwana m'chikhatho. Mlamu wanga ali ndi Hilux yakale ya petulo, ya injini ija amati 4Y. Ndiyo imamudyetsa iye, ana ake, ndi ife achibale amene timatulukira nthawi ya nsima. Kagiya kake katatha anagula kena. Kameneko katatha anagulanso kena. Atafunsa chifukwa chake, amakaniko anangoti, "Achimwene, masipeya a masiku ano ndi choncho." Mlamu anagwedeza mutu n'kulipira. Ine ndinatsala kukamwa yasa. Ngati masipeya onse a masiku ano ndi choncho, bwanji pikapu ya mnzake, imene kagiya kake kanagulidwa m'sitolo yomweyo, ikuyendabe?

Poti safunsa anadya phula, ndinayamba ndi funso la mwana: chinthuchi ntchito yake n'chiyani? Akuti injini ya petulo imafuna moto, ndipo motowo uzifika pa pulagi iliyonse pa nthawi yake yeniyeni. Koilo imapanga moto, distributor imagawa. Nzeruyi si ya dzulo, Charles Kettering wa ku America anaiika m'galimoto za Cadillac kale mu 1910. Mu injini ya masilinda 4 ngati iyi, moto umayamba ku silinda 1, kupita ku 3, kenako 4, n'kumalizira 2. Ndinafunsa kuti anthu ophunzira chonchi analephera bwanji kuwerenga 1, 2, 3, 4, koma anangondiseka. Chimene ndinatolapo n'chakuti injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, distributor imazungulira maulendo 1,500, ndipo moto umathetheka maulendo 6,000. Chozunguza zonsezi ndi kagiya kaja, kolumana ndi giya ina imene ili pa camshaft. Ntchito yaikulu chonchi anaipereka bwanji kwa kanthu kochepa chonchi, n'kukabisanso pamalo pamene mwini galimoto sangaone?

Matenda ake sabwera ndi dzina pamphumi. Galimoto imayamba kuvuta kulira m'mawa. Ikalira imatsokomola, mwina kuphulika kumene ku kabuleta. Pa chitunda imafooka. Woyamba kuimbidwa mlandu kuno ndi petulo. Malire a Mozambique ali pakhomo pomwepa, m'malo ena msewu womwewu ndiwo malire, ndipo mafuta akasowa aliyense amadziwa kumene zigubu zimachokera. Ndiye amati mwathira petulo wamadzi. Petulo akapezeka wosalakwa amagwira mapulagi. Mapulagi akasinthidwa amatsuka kabuleta. Kenako koilo, kenako mawaya. Zonsezi zili pamwamba, ukangotsegula boneti dzanja lafika. Kodi timayambira pamenepa chifukwa ndizo zimalakwa kawirikawiri, kapena chifukwa ndizo zosavuta kumasula?

Mwina munaonapo makaniko akukonza timing ndi khutu. Amamasula bawuti imodzi injini ikulira, n'kugwira distributor ndi dzanja, kuipotoza pang'ono uku, pang'ono uko, mutu atapendeketsa, maso atatsinzina, mpaka kulira kwake kutamukomera. Akamanga bawuti galimoto imadzuka, mwini wake mano mbee. Luso limeneli ine ndimalivulira chipewa. Koma pakapita masabata angapo moto wachedwanso, ndipo amapotozanso, mbali yomwe ija. Amati ndi mapointi a mu distributor akudyeka, ndipo n'zoona, mapointi amatero. Nanga mapointi akasinthidwa, timing n'kumathawabe? Bawuti sinamasuke yokha. Distributor ili pomwe anaisiya. Chasuntha n'chiyani? Chinthu chothawira mbali imodzi nthawi zonse, si ndiye kuti m'katimo muli china chimene chikuchepa tsiku ndi tsiku?

Amene ali ndi tochi ya timing, ija imaphethira limodzi ndi pulagi yoyamba, amaloza pa pulley yakutsogolo. Kachizindikiro kakaima malo amodzi, zili bwino. Kakamavina, china chakhwefuka. Nditamva zimenezi ndinati basi, wakuba wagwidwa, ndi kagiya kaja. Akuti ayi, dikirani. Tcheni cha timing chikatanuka kachizindikiro kamavina. Mabushi a distributor akatha kamavina. Camshaft ikamasewera kutsogolo ndi kumbuyo chifukwa kambale koigwira kadyeka, kamavinanso. Gule mmodzi, oimba ng'oma anayi. Ndiye mumasiyanitsa bwanji? Akuti chotsani chivindikiro cha distributor, ikani sipanala pa bawuti ya pulley, zunguzani injini pang'ono kutsogolo, kenako bwezani m'mbuyo, muone kuti rotor ikuchedwa bwanji kutsatira. Kenako gwirani rotor ndi zala. Ikapotoka pang'ono mbali imodzi n'kubwerera yokha, amenewo ndi masipuling'i, ndi mmene anaipangira. Ikamangogwedera yosabwerera, kapena kupendekera uku ndi uku, pali nkhani. Zonsezi zimafuna sipanala ndi maso, tambala ayi. Nanga bwanji kuyeza kwaulereku ndiko timadumpha, n'kuthamangira kogula?

Tsiku limene anazula distributor ya mlamu ndinapempha kuti ndikagwireko kagiyako. Mano a katsopano amakhala ndi nsonga yophwatalala ndi mbali zonenepa. A kameneka anali atadyeka mbali imodzi yokha, onyezimira, opyapyala, akuthwa moti mutadutsitsa chala mosasamala mukhoza kudzicheka. Mbali inayo ya dzino inali bwinobwino, mizere ya makina amene anakasema ikuonekabe. Mnyamata wothandiza pa galaja anali atatambasula kale dzanja kuti akaponye pa mulu wa zitsulo zogulitsa pa sikelo. Komatu odziwa amati kagiya kakutha kamayankhula. Kakadyeka pakati pa dzino, mofanana kuzungulira konse, ndiye ukalamba kapena kulemera kwa katundu. Kakadyeka chakumwamba kapena chakunsi kokha, ndiye sikanakhale pa msinkhu wake. Mano ena akatha kuposa anzawo, ndiye shaft yapindika kapena mabushi atha. Ngati umboni wonse uli pa kachitsulo kameneka, bwanji ndiko koyamba kutayidwa?

Apa ndi pamene mutu wanga unaima. Distributor ija ndinaizunguza ndi zala ziwiri, ndipo inazungulira mopepuka, popanda kukana. Rotor yakeyo ndi kapulasitiki chabe. Ndiye katundu wodya mano achitsulo akuchokera kuti? Akuti tembenuzani muone kunsi. Pansi pa kagiya pali polumikizira shaft ya pampu ya oyilo. Mu injini ngati 4Y, kagiya komweka ndiko kamazunguzanso pampu yokankha oyilo m'injini yonse. Ntchito yopepuka ili pamwamba poonekera, yolemera ili pansi pobisika. Komanso magiya awiriwa sakumana maso ndi maso. Amapingasana, mano ake amakhulana akamadutsana, ndipo pamene amakhudzana ndi pang'ono zedi. Chowalekanitsa ndi kaoyilo kochepa kamene kamafika pamenepo. Kwathu kuno ng'ombe ikatupa pakhosi ndi goli sitithamangira kugula ina, timayamba taona katundu ali pa ngolo ndi matayala ake. Nanga pa injini, ndani anatiuza kuti tizingogula ng'ombe?

Tsono katundu wa pampu amalemera ndi chiyani? Oyilo. Aliyense amene anagonapo pa Biriwiri mwezi wa Juni kapena Julayi akudziwa chisanu chake, chija cholowa mpaka m'mafupa. Oyilo nayenso amachimva, m'mawa amakhala wolemera, woyenda monyinyirika. Injini yakale ambiri amaithira 20W-50. Ikayamba kufuka utsi amawonjezera mankhwala aja onanda ogulitsidwa m'timabotolo, oti oyilo alimbe. Ena amagula oyilo wopungulira m'mabotolo a zakumwa, amene nambala yake amaidziwa ndi wogulitsa yekha, ngati amaidziwa n'komwe. Ndiye m'bandakucha dalaivala, pofuna kukafika pamsika anzake asanatsitse matumba, amaliza injini n'kuponda mafuta mpaka pansi kuti itenthe msanga. Pa nthawi imeneyo pampu ikulimbana ndi oyilo wozizira, ndipo nkhondo yonseyo ikudutsa pa mano aja. Ndinati chabwino, tizithira wopepuka. Akuti samalani, mabeyaring'i a injini yotha amafuna wolemererapo. Akutinso kabuleta ikamasefukira, petulo amatsikira mu sampu n'kusungunula oyilo, ndipo oyilo wamadzimadziyo amasiya mano akukhulana okhaokha. Wolemera akupha, wopepuka akupha. Munthu wosauka athire chiyani?

Pa pikapu ya mlamu anatsitsa sampu n'kumasula pampu, ine nditaumirira ngati galimotoyo ndi yanga. Pampu ili ndi kavalavu kokhala ndi sipuling'i, kamene kamatseguka mphamvu ya oyilo ikapyola muyeso. Kuseri kwa sipuling'iyo anapezako washala. Sinabwere ndi galimoto. Wina anaiika kuti kavalavuko kazichedwa kutseguka, mphamvu ya oyilo ikwere. Anaiika ndani? Mlamu anayang'ana kumwamba, kenako pansi, kenako anakumbukira kuti kale kanyali kofiira ka oyilo kankamuvutitsa, ndipo anauza munthu wina kuti achite chilichonse bola kazime. Kaya kanazima ndi washalayo, kaya ndi oyilo wolemera amene anathira tsiku lomwelo, mlamu sanafunse. Kodi kanyali kochenjeza kakazima, chachira ndi injini kapena mtima wa mwini wake?

Mwana wa mchemwali wanga, amene foni siichoka m'manja, anati tisavutike, pa intaneti akatswiri alipo ambiri. Alipodi. Anatiwerengera kuti tigule kagiya ka bronze. Kufufuza bwino, malangizowo ndi a injini zikuluzikulu za V8 za ku America, zimene eni ake amaikamo camshaft ya chitsulo chamtundu wina pofuna liwiro. Kumeneko kagiya ka bronze amakaika dala kuti kazidyeka ndiko, camshaft yodula ipulumuke. Taonani, giya yopangidwa kuti izitha! Katswiri wina analemba kuti mukapala head ya injini, distributor imatsika n'kuyamba kukanikiza pampu. Pa V8 ya Chevrolet zimamveka, poti distributor yake imakhala pa manifold, pamwamba. Koma ya 4Y imalowa m'nthiti mwa block, head ilibe nayo gawo. Ngakhale Hilux zomwezi sizifanana. Ya injini ya 22R, giya yozunguza distributor ili kutsogolo kwa camshaft, pamwamba, ndipo pampu ya oyilo imazunguzidwa ndi crankshaft payokha, moti nkhani yonse ya oyilo wolemera kukoka kagiya kumeneko kulibe. Onsewa akunena zoona, aliyense za injini yake. Nanga bwanji palibe amene amayamba wafunsa kuti injini yanu ndi iti?

Za masipeya a masiku ano zija, sindikuti amakaniko ananama. Ku China kuli injini yotchedwa 491Q, yotengera kapangidwe ka 4Y, ndipo zitsulo zambiri za injini ziwirizi zimalowana. N'chifukwa china chake 4Y siisowa masipeya, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma magiya amapangidwa m'mafakitale ambirimbiri, ndipo kulowa si kugwirizana. Zitsulo ziwiri zokhulana usana wonse ziyenera kuyenerana kulimba kwake. Kagiya kakafewa kwambiri, camshaft imakadya. Kakalimba kwambiri, ndiko kamadya camshaft. Maginito angakuuzeni kuti ichi n'chitsulo, ichi ndi bronze, basi, za kulimba sadziwa. Amisiri ena amayesa ndi tupa pakona: ikaluma mosavuta chitsulocho n'chofewa, ikaterereka n'cholimba. Koma ndi sitolo iti ingakuloleni kupala katundu wake musanalipire? Pa katoni amalemba dzina la galimoto, mwina ndi chaka. Za kulimba kwa chitsulo, zii. Ndiye wogula adziwe bwanji kuti wanyamula chodyedwa kapena chodya?

Palinso za kakhalidwe. Distributor yochokera m'galimoto ina yophwasulidwa, kapena pampu yatsopano yotalikirapo pang'ono, zikhoza kuchititsa kuti shaft igunde pansi distributor isanakhale bwino pa block. Munthu wamphamvu zake amangomanga bawuti mpaka zitakhala. Zakhaladi, koma mokanikizana, ndipo kagiya kakugwira ntchito katapanikizika. Kuyeza kwake akuti n'kosavuta. Distributor ikhale yokha popanda kuikakamiza, ndipo mukamanga, shaft izithabe kunyamuka pang'ono mukaikoka m'mwamba. Ofuna kutsimikiza amapaka mano utoto wabuluu wa amisiri, n'kulowetsa, kuzunguza injini ndi dzanja, kuzulanso, n'kuona pamene utoto wachoka. Kagiya katsopano amati kazilowa katapakidwa girizi kapena oyilo, chifukwa mphindi zoyambirira ndizo zimalamula moyo wake wonse. Inu munaonapo kangati kagiya kakulowa kouma, kongochoka m'pepala?

Funso limene linakwiyitsa anthu pa galaja linali lophweka kuposa onse. Ndinati, giya imalumana ndi inzake, nanga inzakeyo taiona? Kunali chete. Kuiona sikovuta, mumangowalitsa tochi m'bowo limene mwachoka distributor, wina n'kumazunguza injini pang'onopang'ono, mano n'kumadutsa limodzilimodzi. Chovuta n'chimene mungaone. Mu injini zotere giya imeneyo ndi thupi limodzi ndi camshaft, siichoka payokha. Mano ake akakhala okumbika kapena okhakhala, kagiya kalikonse katsopano kamene mungaike kakalowa m'kamwa mwa chilombo. Mankhwala ake ndi camshaft ina, kutanthauza kumasula injini kutsogolo ndi pamwamba, galimoto kuima masiku, mbatatesi zikudikira kumunda, ogula akuimba foni. Makaniko akudziwa zimenezi. Mwini galimoto akudziwanso. Ndiye onse awiri amayang'ana kumbali mwaulemu, n'kugwirizana kuti vuto ndi masipeya a masiku ano. Tochi inalipo, m'thumba mwa aliyense muli foni yowala. Kodi chimene chinasowa ndi kuwala, kapena kufuna kuona?

Ndiye pali chitsulo chimene chachoka pa manowo. Chapita kuti? Sichinatuluke ku ekizozi. Tinakhuthulira oyilo m'beseni n'kuliika padzuwa, ndipo politembenuza pang'ono munkaoneka tinthu tonyezimira tikuyenda waliwali pansi pake. Titaviika maginito anatuluka atamera ndevu zakuda. Ndinati si pali filter? Ilipo, koma akuti nayo ili ndi kakhomo kapambali kamene kamatseguka oyilo akalemera kwambiri kapena filter ikatsekeka, kuti injini isakhale youma. Ndiye kuti m'mawa wozizira uja, pamene mano akudyeka kwambiri, ndi pamenenso oyilo angadutse osasefedwa, kupita ku mabeyaring'i. Zina mwa zinyenyeswazo zimayamba zadutsa mu pampu momwe, kuikanda, kuilemetsa, pampuyo n'kulemetsanso kagiya. Amene amasintha kagiya n'kusiya oyilo yemweyo ndi filter yomweyo, wachotsa matenda kapena wangowapatsa chakudya chatsopano?

Chinanso chondizunguza mutu ndi ichi. Mano akatheratu, kapena kapini kogwira kagiya kakaduka, injini imazima nthawi yomweyo, kaya muli pakati pa chitunda, kaya pamaso pa apolisi apamsewu. Dalaivala amatukwana. Koma mano akalekana ndi camshaft, pampu ya oyilo nayonso yaima. Moto ukanapitirira, injini ikanayenda youma mpaka kugwirana. Ndiye kuzima kuja n'kumene kwapulumutsa injini. Opanga injiniyi anachita dala, kapena zinangochitika mwamwayi? Ndipo dalaivala uja azitukwana kapena azithokoza?

Mlamu anachotsa washala, anathira oyilo wa m'chigubu chomata ndi filter yatsopano, ndipo m'mawa amayamba wadikira kuti injini itenthe asanaponde mafuta. Za camshaft akuti aona akagulitsa mbatatesi. Pa kulipira ndi pamene panabuka mkangano. Makaniko anatha tsiku lonse akugwedeza, kuwalitsa, kupaka utoto, kuzula ndi kubwezera, ndipo chimene anatulutsa ndi kawashala kamodzi. Mlamu anakayang'ana m'dzanja n'kunena kuti, "Ndiye ndilipire chiyani apa, poti simunasinthe kanthu?" Masiku onse aja ankasinthitsa mapulagi abwinobwino ankalipira mosanyinyirika, chifukwa ankaona chitsulo chatsopano chikulowa. Makaniko nayenso ali ndi ana, ndipo waphunzirapo kuti ndi ntchito iti imabweretsa ndalama. Inuyo, munthu atakhala tsiku lonse pansi pa galimoto yanu n'kutuluka ndi yankho lokha, m'manja mulibe sipeya, mungamupatse zingati?